Kwa mwana wanga, usanakwere mapiri a Santa Rita

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno ku Dedza tili bwino, kungoti chisanu cha Julayi chatipana ndipo amayi ako sakuchoka pambaula. Uthenga wako tinaulandira. Ndakondwa kwambiri kumva kuti maere akugwera chaka chino, wapeza chiphaso chosakira gwape wamphongo ku Unit 34A, dera losakira la m'mapiri a Santa Rita ku Arizona, ku America, kumapeto kwa Okutobala. Mapiri a Santa Rita ndinawapondaponda pamene ndinkagwira ntchito ku Tucson, nthawi imene iwe mtima wako wonse unali pa mpira. Lero ukupitako ndi mnzako wakuntchito, ine ndili kutali, ndiye undilole ndilembe zimene ndikanakuuza tikanakhala m'galimoto imodzi.

Ndiyambe ndi mndandanda wa zogula umene wanditumizira. Ndaona kuti ndalama zambiri waziika pa mfuti yatsopano. Isiye imeneyo. Mfuti ya .270 imene ndinakusiyira ija ndi yokwana, mwinanso kupitirira. Gwape wa Coues, amene ukukasakayo, ndi kanyama kakang'ono, wamphongo wokhwima kawirikawiri sapitirira makilogalamu 55, ndipo ambiri safika n'komwe pamenepo. Vuto lake lagona pa kumuona. Ubweya wake ndi wotuwa, umafanana ndi miyala ndi udzu wouma wa kumeneko, moti akangoima chilili pansi pa mtengo wa oak, basi wasowa. Ndalama za mfutizo ugulire magalasi oonera kutali a 15x56 ndi tripod yolimba yoikapo magalasiwo. Zikatsalako ugule jombo zabwino, uziyambe kuvala panopa kuti zizolowerane ndi mapazi ako tsiku lisanafike. Magalasi amphamvu chonchi ukawagwira pamanja amanjenjemera, suona kanthu. Ukawakhazika pa tripod phiri limaima nji, ndipo chilichonse chimene chagwedezeka diso limachigwira msanga.

Ulenje wa kumeneko ndi wokhala pansi. Anyamata ambiri zimenezi zimawavuta, amaona ngati mlenje weniweni ndi amene wayenda mtunda wautali, ndiye amazungulira phiri tsiku lonse n'kumathamangitsa nyama zimene sanazione n'komwe. Iwe ukwere chitunda kudakali mdima ndi tochi yapamutu, ukhale pansi pa msana wa chitundacho kuti thupi lako lisaonekere kuthambo, dzuwa likhale kumbuyo kwako. Kenako mbali ya phiri imene ili patsogolo pako uigawe m'maganizo mwako m'zidutswa. Uloze magalasi pa chidutswa chimodzi, uchotse manja, maso okha ndiwo aziyenda, pansi pa mtengo uliwonse, m'mbali mwa mwala uliwonse. Ukamaliza usunthe pang'ono. Ukafika kumapeto ubwerere poyamba paja, chifukwa nyama imene inagona pamene unadutsa mwina tsopano yadzuka. Usamafunefune gwape wathunthu. Chimene udzayambe kuona ndi khutu limodzi likuthamangitsa ntchentche, mzere wowongoka wa msana pakati pa udzu, kapena kuyera kwa pakhosi. Ndimakumbukira m'mawa wina chakumtunda kwa Gardner Canyon, ndinayang'ana pansi pa mtengo umodzi wa juniper mpaka maso kutuluka misozi, ndikuona nthambi zouma zokhazokha. Kenaka nthambi imodzi inatembenuka, inali nyanga. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'mapiri amenewo mawuwa udzawamvetsa ndi msana wako womwe. Utenge kachiguduli kochindikala kokhalira, miyala yake ndi yakuthwa.

Dzuwa likakwera alenje ambiri amatsikira kumisasa kukadya. Iwe ukhale. Kumapeto kwa Okutobala masana kumatenthabe, agwape amakagona kumbali za phiri zoyang'ana kumpoto kumene kuli mthunzi, koma mthunziwo ukasuntha amadzuka, kudziwongola, n'kusamukira pena. Nthawi imeneyo munthu wodekha amawaona.

Usadikire Okutobala kuti ukaone malo. Uli ndi miyezi itatu, uigwiritse ntchito. Ubwino wa gwape ameneyu ndi wakuti sasamuka mtunda wautali. Amene wamuona m'khwawa lina mu Seputembala, mwayi ulipo woti udzamupeza chakomweko. Upite Loweruka ndi magalasi ako opanda mfuti, upeze zitunda zingapo zimene munthu angaonerepo dera lalikulu, udziwe njira yokwerera mumdima, uone pamene pali madzi, kaya kasupe kaya madamu ang'onoang'ono a ng'ombe, uyang'ane mapazi ndi ndowe. Makamera omangirira pamitengo aja uwachotse pamndandanda, ku Arizona analetsa kuwagwiritsa ntchito posaka kuyambira pa 1 Januwale 2022. Ine lamuloli ndimagwirizana nalo, nyama izikamwa madzi mwamtendere. Pa chifukwa chomwecho suloledwa kumanga msasa pafupi ndi pomwera nyama ndi ziweto, uzitalikira mamita opitirira 400. Koma pa maulendo amenewa usamale ndi mvula ya Julayi mpaka Seputembala. Imagwa masana ndi ziphaliwali, ndipo khwawa louma limadzaza mwadzidzidzi ndi madzi a mvula imene yagwa kumtunda iwe osaiona. Mitambo ikayamba kuda utsike pachitunda, ndipo galimoto usailowetse m'madzi oyenda ngakhale aoneke ochepa.

Za mphepo unamvapo kwa agogo ako, ndi zomwezo. Gwape akhoza kukukayikira ndi maso, koma akangomva fungo lako wapita. M'mapiri mpweya uli ndi kayendedwe kake. M'mawa kusanatenthe umatsika phiri kulowera m'makwawa, dzuwa likatentha umayamba kukwera, madzulo umatsikanso. Ndiye nyama imene yagona masana uilowere chakumtunda. Agogo ako ankamanga phulusa m'kansalu n'kumagwedeza kuti aone kumene mphepo ikulowera. Kumeneko amagulitsa kabotolo ka ufa kogwira ntchito yomweyo, koma phulusa la pambaula ndi lokwana.

Uwerengenso bwino chiphaso chako. Ndi cha whitetail wa nyanga, ndiye kuti gwape wa Coues uja, ndipo m'munsi mwa mapiri omwewo muli agwape ena aakulu otchedwa mule deer. Amenewa makutu awo ndi aakulu, mchira ndi wopyapyala wakuda kunsonga, nyanga zimagawikana pawiripawiri, ndipo pothawa amadumpha ndi miyendo yonse inayi pamodzi. Wako uja mchira wake ndi wotakata, pothawa amauimika n'kuonetsa kuyera kwa kunsi, ndipo nyanga zake zimaphuka pa thunthu limodzi lokhota chakutsogolo. Ngati ukukayika, chala chisayandikire.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kukhala pansi n'kulemba kalata m'malo moimba foni. Magalasi abwino ali ndi msampha wake, amakuonetsa nyama ngati ili pafupi pamene ili kutsidya kwa khwawa lalikulu. Udzamva anthu akudzitama kuti anagwetsa gwape pa mayadi 600 kapena 700. Amene anamulasa m'mimba n'kumutaya sakamba. Tsiku lina ndinaperekeza munthu amene anawombera kutali chonchi, mphepo ikuwomba m'khwawa. Nyamayo inapinda msana n'kulowa m'thengo la manzanita. Tinatenga nthawi yaitali kuti titsike ndi kukwera tsidya linalo, ndipo titafika malo onse ankaoneka ofanana, mtengo umene tinauika m'mutu sunadziwikenso. Tinalondola timadontho ta magazi mokwawa mpaka mdima. Tinamupeza mawa lake dzuwa litakwera, mimba itatupa, ntchentche zili ng'waa, nyama yonse itawonongeka. Chiweto cha Mulungu chinavutika usiku wonse popanda wodyako ngakhale nthuli imodzi. Zimenezi sindifuna zidzachitike ndi mfuti imene ndinakupatsa ine.

Choncho miyezi ino upite kumalo ophunzirira kuwombera, koma usamangokhala pabenchi. Ugone chafufumimba, mfuti uitsamiritse pachikwama chako, uwombere mbale yapepala. Mtunda umene zipolopolo zako zonse zikulowa m'mbalemo, osaphonya ngakhale chimodzi, ndiwo malire ako. Akakhala mayadi 250, ndi 250 basi, ngakhale nyanga zikongole bwanji. Kachipangizo koyezera mtunda kaja ugule, m'mapiri maso amanama. Nyama ikakhala kupitirira malire ako, yandikira. Ikathawa uli m'njira, yathawa, palibe chimene wataya. Usanakoke chala udzifunse ngati ukuona chimene chili kuseri kwa nyamayo, ngati ungakafike pamene idzagwere kusanade, ndiponso ngati ungaisenze kuchoka pamenepo kukafika kugalimoto. Gwape woima pamsana pa phiri, kumbuyo kwake kuli thambo lokha, usamuwombere, chipolopolo chimapitirira ndipo tsidya linalo kuli anthu. Uloze kuseri kwa mwendo wamwamba, pamene pali mapapo. Ukawombera, mnzako atsale pa magalasi, asachotsepo diso, azikulozera ndi manja pamene iwe ukuwoloka.

Nyama ikagwa ntchito ndiye yayamba. Choyamba umangirire chiphaso, lamulo limafuna zimenezo nthawi yomweyo. Kenako zithunzi zisakudyere nthawi. Kutentha kwa kumeneko kumawononga nyama msanga, ndiye uikokere pamthunzi, usende, uchotse miyendo yonse inayi, nyama ya pamsana, ya m'khosi ndi ya m'nthiti, uike m'matumba ansalu opita mphepo. M'mapulasitiki imafunda n'kuyamba kununkha. Mtima ndi chiwindi usasiye, ife sititaya zimenezo. Kugalimoto kukhale cooler box yodzaza ndi ayezi kuyambira tsiku loyamba. Kuwononga nyama yodyedwa ndi mlandu ku Arizona, koma iwe unakulira m'nyumba imene sitinkafunika lamulo kuti tidziwe zimenezo. Ngati ungapeze zipolopolo za kopa zimene mfutiyo ikuzilandira bwino, ugwiritse ntchito zimenezo. Za mtovu zimamwazika tizidutswa m'nyama, ndipo nyamayo adzadya adzukulu anga.

Amayi ako andiuza kuti ndisaiwale za chitetezo chako, ndipo akunena zoona. Madzi unyamule malita anayi kapena kuposa pa tsiku, ena ambiri atsale m'galimoto. Mpweya wa m'chipululu ndi wouma, thukuta limauma usanalione, umangozindikira mutu ukuwawa ndi miyendo ikukokana. Madzi akafika theka, nthawi yobwerera yakwana. Kutentha kwa masana kusakupusitsenso kuti usiye jekete. Mount Wrightson ndi wamtali pafupifupi mamita 2,880, wangotsala pang'ono kufanana ndi Sapitwa, ndipo mu Novembala 1958 anyamata atatu a Boy Scouts anafera m'phiri limenelo chipale chofewa chitawagwera mwadzidzidzi. Chikumbutso chawo chilipo pa Josephine Saddle. Njoka za rattlesnake mu Okutobala zimakhala zisanabisale, usaike dzanja kapena kukhala pamene sunayang'ane. Njuchi za kumeneko zili ndi magazi a njuchi zathu za ku Africa kuno, zinafika ku Arizona mu 1993 kuchokera chakummwera, ukali wake ukuudziwa. Zimamanga m'mapanga ndi m'ming'alu ya miyala, ukamva kulira kwake ubwerere. Maenje a migodi yakale aliponso ambiri chaku Greaterville, mumdima uziyenda njira imene unaiona masana. M'thumba muzikhala chipeso. Minga ya cholla, chomera cha m'chipululu, ikakumata pamwendo usaigwire ndi zala, ulowetse chipeso pansi pake n'kuikoka kamodzi.

Pali china chimene anzako obadwira komweko mwina sachiganizira. Mapiri amenewo ali pafupi ndi malire a Mexico, ndipo m'misewu yochokera kumeneko muli malo amene a Border Patrol, apolisi olondera malire, amaimitsa magalimoto. Iwe ndiwe munthu wakuda, kalankhulidwe kako kamamvekabe kuti unachokera kwina, ndipo m'galimoto muli mfuti. Mapepala ako, laisensi ndi chiphaso zikhale pamodzi pafupi, mfuti ikhale yopanda chipolopolo m'chikwama chake, uyankhe mwaulemu ndi modekha. Ukakumana m'tchire ndi anthu owoloka malire atatheratu ndi ludzu, uwapatse madzi, uimbe 911. Ndi ana a anthu anzathu amenewo. Uvalenso chipewa cha olenji chowala, ngakhale boma la Arizona silikakamiza, kuti mlenje wina akuone msanga.

Mpongozi wanga umusiyire mapu olembapo pamene muimike galimoto, chitunda chimene mukhale, ndi ola limene ayambe kuimbira anthu ngati simunamveke. M'makwawa ambiri foni siigwira, ndiye kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti kaja ndi kofunika, ngakhale ubwereke. Mukasintha malo mumuuze.

Ukabwera kowona malo ulendo woyamba, unditumizire zithunzi za zitunda zimene wasankha ndi mbali imene dzuwa likutulukira, tidzakambirane pa foni. Amayi ako akuti Mulungu akakupatsa nyama, mwendo umodzi ukapereke kwa apongozi ako, ndipo mnzako amene adzakuthandize kusenza asabwerere chimanjamanja. Upereke moni kwa mpongozi wanga ndi adzukulu. Tikukupemphererani nonse.

Ndine bambo ako.