Si anapiye onse amafa ndi chitopa

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule ndi anzanga oweta ma pheasant, mbalame zija zonga nkhwali koma za mchira wautali. Chimandinyansa ine nchakuti kamwanapiye kakangozyolika basi aliyense akuti chitopa, kenako maantibayotiki m'madzi, osafufuza nkomwe chavuta nchiyani.

Ine zinandionekera. Mbalame zanga zinayamba kumangoyasamula, kusolola khosi, kupukusa mutu ngati zatsamwa. Ndinathira mankhwala sabata yathunthu koma kumangofabe. Avetenale atang'amba kholingo la imodzi tinapeza tinjoka tofiira titakakamira mkatimo tiwiritiwiri, kakamuna ndi kakakazi titalumikizana ngati chilembo Y. Ati ndi gapeworm. Mazira ake amatuluka ndi zitosi, nyongolotsi ndi nkhono nkumeza, mbalame nkudzatola nyongolotsiyo, ndiye ukamawetera pa dothi lomwelomwelo chaka ndi chaka ukuzidyetsa wekha matenda, ndipo ine ndi mmene ndinkachitira kumene kamba ka ulesi osuntha khola. Zimafuna mankhwala a njoka ngati flubendazole, antibayotiki sagwira olo pang'ono.

Msinkhu umaulula zambiri. Tianapiye ta masiku 4 mpaka 14 tikamatsekula zachikasu zathovu kawirikawiri amakhala rotavirus, ameneyo ndi vayirasi alibe mankhwala, iwe kwako nkuonetsetsa kuti tikufundidwa, tikumwa madzi ndipo m'khola ndi moyera. Zikakulako imabwera coccidiosis, matenda a tizilombo ta m'matumbo, makamaka utuchi ukamanyowa pafupi ndi momwera. Koma kachilombo koipa mtima ndi hexamita, zitosi zamadzimadzi, mbalame ukaigwira fupa la pachifuwa lili ngati mpeni, mnofu onse unatha kalekale.

Palinso marble spleen disease, ya vayirasi iyinso, imakonda za miyezi 3 mpaka 8. Madzulo zadya bwino, mmawa ukutola zakufa, mapapo atadzaza madzi kapamba atatupa ali mawangamawanga.

Chitopa chilipo sindikukana ayi, katemera ngofunika. Koma zikayamba kufa musamangokwirira, pitani nazo kwa avetenale akazing'ambe. Ndipo mutengekonso imodzi kapena ziwiri zodwala zikadali zamoyo, chifukwa hexamita uja mbalame ikafa nkuzizira sachedwa kufa nayenso, pa maikulosikopu osaonekanso.

Ine wanu,
Woweta mbalame