Kwa Tiyamike, za fumbi la ku Kabwe

Mwana wanga Tiyamike,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, iwe, bambo a Dalitso ndi mdzukulu wangayo. Kuno ku Katete tilipo, miyendo yokhayi ndiyo ikundivutabe.

Azakhali ako abwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Akuti nyumba mwaipeza ku Kasanda, ku Kabwe komweko, m'mbali mwa msewu wafumbi, kufupi ndi mgodi wakale uja, ndipo iwe ukusangalala kuti lendi yake ndi yotsika. Akutinso Dalitso amaswera pamsewupo, madzulo n'kulowa m'nyumba ali mbuu mpaka m'nsidze. Ndiye ndikumva kuti uli ndi pakati. Nkhani yotere mayi ako n'kumvera kwa anthu? Chabwino, zimenezo tidzakamba tikaonana.

Fumbi limenelo ndikuliopa, mwana wanga. Pamgodipo anakumba ndi kusungunula mtovu, chitsulo chapoizoni, kufikira 1994, zaka zoposa 80, ndipo zotsalira zake anangoziunjika poyera, mulu uja akuutcha Black Mountain. Chilimwe chikafika mphepo imaulutsa fumbilo n'kulimwaza m'misewu ndi m'mabwalo a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Lole ikadutsa limadzukanso, kulowa pazenera, kutera pambale, pa ufa umene wayanika panja. Mtovu suwola ayi, ndipo pakamwa suumva. Anthu anafika pokasuma kukhoti ku Johannesburg mu 2020, m'malo mwa ana ndi amayi oposa 100,000 a mumzindamo. Iwe n'kukaika mwana pakati penipeni pa zimenezo chifukwa cha lendi!

Ndinapita kwa namwino uja timapemphera naye, anandikhazika pansi n'kundifotokozera bwinobwino. Akuti thupi la mwana limayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo umakaononga ubongo. Mwana amaoneka wabwinobwino, akuthamanga, akuseka, koma kusukulu zinthu osalowa, magazi kuchepa, m'mimba kupweteka, ukachuluka mpaka kukomoka. Choonongeka mu ubongomo sichibwereranso mwakale. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, akuti palibe mlingo ngakhale wochepa bwanji umene tingati ndi wabwino. Dalitso uja anayamba kuyankhula msanga, ankandiwerengera nkhuku pakhomo pano asanakwane zaka zitatu. Nzeru zimenezo mukufuna zithere pamsewu?

Za iwe ndiye ndikuda nkhawa kwambiri, chifukwa ndikukudziwa. Uli wamng'ono unkakokota dothi la pachulu, ndikakugwira n'kubisa kadzanja kumbuyo, kukamwa kuli psuu. Akazi a mtundu wathu tikakhala ndi pakati mtima umathamangira dothi. La ku Kabwe usalawe, Tiyamike, ngakhale la pamsika limene sukudziwa kumene alikumba. Mtovu umakhazikika m'mafupa, ndipo ukakhala woyembekezera umatuluka n'kupita kwa mwana ali m'mimbayo. Usalawe, ndanena.

Pamene mukufunafuna nyumba ina, leka kusesa pouma. Ndikudziwa ndinakuphunzitsa kulawirira ndi tsache, ndipo pakhomo pako sipakhala kachitsotso, koma kumeneko uziyamba wawaza madzi, m'nyumba uzikolopa ndi nsanza yonyowa, ndi m'mazenera momwe. Nsapato zizitsala pakhomo. Dalitso azisamba m'manja ndi sopo asanagwire chakudya chilichonse, ngakhale chitumbuwa, ndipo umuwenge zikhadabo. Asamapite kosewera m'mimba muli pululu, poti akuti mwana wanjala ndiye amayamwa mtovu wambiri. Kapenta, nyemba, mazira, mkaka ukapezeka, uzimupatsa. Masamba usadzale pabwalopo.

Azakhali ako anandinong'onezanso kuti bambo a Dalitso nthawi zina amakagwira ganyu kumulu kuja, kutola miyala yogulitsa. Sindikuwanyoza, ndi munthu wolimbikira ndipo amandilemekeza, ndalamanso zavuta paliponse. Koma zovala zimene amabwera nazozo zimadzaza fumbi lomwelo, kenaka n'kumunyamula mwana. Uwauze mwaulemu kuti azivulira panja, asambe kaye, ndipo zovalazo uzichapa pazokha. Zikakukanika kuwauza, ndipatse ndiyankhule nawo pafoni ine.

Upite kuchipatala akakuyezeni magazi nonse awiri, unene kuti ndi za mtovu. Namwino akuti nambala ya mtovu m'magazi ikafika 5 ayenera kale kufufuza kumene mtovuwo ukuchokera, ikafika 45 mwana amafunika mankhwala ochotsa, ndipo ku Kabwe ana ambiri anawapeza atapyola pamenepo. Undiuze nambalayo monga ilili, usandibisire ngati za pakatizi.

Ngati kusamuka kuchedwa, nditumizire Dalitso adzakhale kuno mpaka mvula itagwa, ndidzamulera. Ndagulitsa mbuzi ija yamawanga, ndalama zake ndikutumizira Lachisanu kuti muonjezere pa lendi ya nyumba ya kutali ndi mgodi, osati mugulire zina. Ufa, mfutso ndi nsinjiro ndapatsira azakhali ako. Ufawo uzisunga m'ndowa yovundikira.

Upereke moni kwa bambo a Dalitso.

Ndine mayi ako,
Nabanda