Za mkono wa muphwa wanga ndi marandi aja

Johannesburg

Achemwali,

Ine ndili bwino, kaya inu ndi ana ku Bembeke kwathuko. Amayi muwapatse moni. Kalatayi ndapatsira mnzanga wa ku Lizulu amene akubwera pa basi, chifukwa pa foni mumangoti "zili bwino, zili bwino," kenako netiweki yathawa.

Marandi 1,500 amene ndinatumiza pa Mukuru tsiku la malipiro anali a mkono wa mwanayo basi. Ndinanena momveka: thiransipoti ya anthu awiri kupita kuchipatala cha pa boma ku Dedza, akamujambule, amuike chikhakha, zotsalazo zikhale za ndiwo zake. Tsono ndikumva kuti mpaka lero mkono uli m'timitengo tomanga ndi luzi, ndipo amutema mphini. Kuchipatala cha boma salipiritsa, nanga ndalama yonseyo yalowera kuti? Amene anakatapa ndalamayo ndi alamu, ndipo sabata yomweyo anthu anawaona akugulira anzawo pa msika. Sindinatchule munthu ine. Ndikungofuna yankho.

Mawa lomwe mupite naye. Musadikire tsiku la msika.

Zoti mwanayo walodzedwa chifukwa akukhoza kusukulu, zisiyeni. Ndinafunsa nesi wa pa kiliniki ya kuno, ndipo zimene anandiuza ndazimvetsa bwino poti ndine wa zomangamanga. Mnyamata wa zaka 13 kapena 14 amakhala akuthamangira msinkhu, fupa limayamba latalika, kulimba kumabwera pambuyo. Zili ngati khoma limene takweza msanga simenti isanagwire. Akagwa n'kutsamira dzanja, pothyoka ndi pomwepo pamene pathyoka iyeyo, pamkono pafupi ndi dzanja. Atsikana zimawapeza msangako, cha m'ma 11 ndi 12. Choopsa n'chakuti kunsonga kwa fupa la mwana kuli malo ofewa amene fupalo limakulira. Pakavulala pamenepo n'kupola mokhota, mkono ukhoza kukula wopindika, ndiye khasu adzaligwira bwanji? N'chifukwa chake ndikulimbikira zojambula. Maso a agogo aja omanga timitengo saona m'kati mwa mnofu.

Chikhakha chimakhala masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Asachinyowetse, asamalowetsemo kamtengo pokanda. Zala zikatupa, zikazizira kapena kuchita dzanzi, mubwerere naye tsiku lomwelo, ndalama yake muisunge padera, m'manja mwanu, osati mwa alamu.

Ndamvanso kuti amayi alamula kuti mpira authere pomwepa, ati mwana azikhala pakhonde. Apo ndakana, ndipo muwauze mwaulemu kuti wakana ndi malume ake. Fupa limalimba likamagwira ntchito. Kuthamanga, kudumpha, kutembenuka mwadzidzidzi pa bwalo, n'zimene zimalikhwimitsa, kuposa ngakhale kupalasa njinga. Ndipo nyengo yake ndi ino, chifukwa pofika zaka 20 mafupa amakhala atatenga pafupifupi mphamvu zake zonse, zimene adzayende nazo mpaka ukalamba. Mukamukhazika pansi lero mwamupulumutsa ku ngozi imodzi, koma mwamumana zambiri. Akachotsa chikhakha adikire kaye mpaka adokotala amulole, kenako abwerere ku timu ya kusukulu. Chimene ndikuletsa ndi ma bonanza aja a Lamulungu. Mwana wa Sitandade 8 kumuika pa golo kuti azilimbana ndi madoda a ndevu, ena atalawa kale kachasu, pa bwalo la miyala ndi ziputu, pofuna mbuzi imodzi? Amene anamutengera kumeneko ndikudzaonana naye pa Khirisimasi.

Mtsikanayonso musamuletse ntchemberembaye. Koma azidya. Ndamva akudzimana nsima ati asanenepe. Mtsikana wothamanga kwambiri koma osadya mokwanira amatha kusiya kusamba, ndipo mafupa ake amafooka. Zimenezi mukambirane awiri ngati amayi, ine si malo anga.

Ndatumizanso marandi 600, ndipo ulendo uno pa nambala yanu. Mugule usipa ndi matemba, azidya ndi minga yomwe, musamachotse mitu, muli kashiamu mmenemo. Bonongwe, mkhwani wotendera, nyemba, dzira, ndi mkaka mukaupeza. Zibwente ndi fulizesi ayi. Aziothera dzuwa, lija la m'mawa likang'amba nkhungu ya ku Dedza, limathandiza thupi kutenga kashiamuyo. Ndikamakumbukira dzuwa limenelo titakhala kuseri kwa nkhokwe ndi mbatatesi yootcha, mtima umawawa. Kuno kukuzizira koopsa, timadzuka kusanache, ndalama imeneyi ndimaipeza nditakwera pa sikafodi zala zitauma gwa. Ndipo ndikamva fungo la fodya pa mwanayo ndikadzabwera, tidzayambana, fodya amachedwetsa fupa kupola.

Za feteleza tikambirana mwezi wa mawa, musakhudze ya mkonoyi. Mbuzi yaikazi ija isagulitsidwe.

Mukachoka kuchipatala mujambule chikhakhacho ndi buku lake lachipatala, tsamba limene alembapo, munditumizire pa WhatsApp. Alamu andiimbire okha Loweruka madzulo, ndi nkhani ya marandi 1,500 ili m'kamwa.

Ndine mlongo wanu,
Malume a ana