Mulungu amateteza, koma musatayitse anthu mankhwala

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kwa abusa, aneneri ndi akulu a mpingo, makamaka pa nyengo imene mipingo yambiri imalowa m'kusala kudya ndi mapemphero a kuphiri. Salimo 121 limatitsimikizira kuti wotisunga sawodzera ndipo sagona, ndipo palibe Mkhristu amene amatsutsa zimenezo. Chondidetsa nkhawa ndi chiphunzitso chakuti amene akhulupiriradi ayenera kuonetsa chikhulupiriro chake potaya mapiritsi.

Salimo 91, limene timakonda kuwerengera odwala ndi apaulendo, ndi lomwelo limene Satana anagwiritsa ntchito pa Mateyu 4 pouza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, poti angelo amuwakha. Yesu anayankha ndi Deuteronomo 6:16, kuti Mulungu sayesedwa. Mfumu Hezekiya atalonjezedwa zaka 15 zoonjezera, Yesaya analamulabe kuti amuike nkhuyu pachithupsa (2 Mafumu 20:7). Nehemiya anapemphera, n'kuikanso alonda usana ndi usiku. Ndipo akhate khumi a pa Luka 17 anatumidwa ndi Yesu mwini kukadzionetsa kwa ansembe, amene pa nthawiyo ndiwo ankatsimikiza ngati munthu wachira.

Nkhani ya ma ARV ndiyo imasokoneza ambiri, ndipo chisokonezocho chili ndi gwero lake. Munthu amene akumwa bwino piritsi lake limodzi tsiku lililonse amayezedwa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi patatha miyezi 6, kenako chaka ndi chaka. Kawirikawiri zotsatira zimabwera zoti kachilombo sikakuoneka. Zikatero ena amathamanga ndi pepalalo kutchalitchi kukachitira umboni kuti achira. Komatu tanthauzo lake n'lakuti mankhwala akapanikiza kachilomboko mpaka makina akulephera kukawerenga. Kadakalipo, kabisala m'thupi. Munthu akasiya kumwa, pamangopita masabata ochepa kayambanso kuswana, chitetezo cha m'thupi n'kuyamba kutsika mwakachetechete. Miyezi yoyamba amaoneka wathanzi, umboni wake n'kukopa ena awiri atatu, kenako TB kapena matenda oumitsa khosi amugwetsa. Kumwa modumphadumpha nakonso n'koopsa chifukwa kumapatsa kachilombo mpata woti kazolowere mankhwala. Umboni woona ulipo ndithu pamenepa: kuthokoza Mulungu kuti mankhwala akugwira ntchito, ndi kuti munthu wotere sapatsira mkazi kapena mwamuna wake pogonana.

Za kusala kudya, matenda amasiyana ndipo sitingawaike onse m'dengu limodzi. Piritsi la ARV limene ambiri akulandira masiku ano limamwedwa ngakhale m'mimba mulibe kanthu, choncho osala kudya angomwa pa ola lawo la nthawi zonse ndi madzi. Odwala shuga ndiye asayambe kusala asanaonane ndi a kuchipatala. Amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide akapanda kudya, shuga amatsika mopitirira: munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, amachita chizungulire, amayamba kulankhula zosamveka, kenako n'kukomoka. Pa msonkhano wa mapemphero zizindikiro zimenezi n'zosavuta kuzitenga ngati mzimu wamugwira, anthu n'kumuzungulira ndi nyimbo mphindi zikupita. Ngati akadatha kumeza, mupatseni masupuni ang'onoang'ono atatu a shuga m'kapu ya madzi, dikirani mphindi 15, mubwerezenso ngati sanatsitsimuke, ndipo akatsitsimuka adye chakudya. Ngati wakomoka musamuthire madzi m'kamwa chifukwa atsamwa. Mugonekeni chammbali, mupakeni shuga pang'ono m'kati mwa tsaya, n'kuthamanga naye kuchipatala.

BP ndi yonyenga chifukwa sipweteka. Wodwala amapemphereredwa, mutu n'kusiya kuwawa, iye n'kuganiza kuti zatha. Chimene chingamuuze zoona ndi makina oyezera okha. Kuisiya ikwere popanda mankhwala ndiko kumabweretsa kufa ziwalo ndi kuwonongeka kwa impso. Malungo nawo: LA ndi wa masiku atatu, kumwa kasanu ndi kamodzi, ndipo amalowa bwino m'thupi munthu akadya chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro. Wodwala malungo amasule kusala, amalize mankhwala onse ngakhale thupi litazizira tsiku lachiwiri.

Odwala khunyu ndiwo amalakwiridwa kwambiri m'mipingo yathu, poti kugwa kwawo kumafanizidwa ndi ziwanda. Kusiya phenobarbitone kapena carbamazepine mwadzidzidzi kungachititse munthu kugwa motsatizana osatsitsimuka, ndipo ambiri amapsa ndi moto kapena kumira pamadzi. Munthu akagwa, chotsani zinthu zoti zingamuvulaze, musamupanikize, musamulowetse supuni m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Kukapitirira mphindi 5, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala, pemphero lichitikire m'galimoto.

N'zodabwitsa kuti tikukangana za izi m'dziko limene Uthenga Wabwino unafika pamodzi ndi bokosi la mankhwala. Robert Laws wa ku Livingstonia anali m'busa komanso dokotala. Zipatala za Nkhoma, Ekwendeni, Mulanje Mission, Malamulo ndi St Luke's ku Malosa zinamangidwa ndi mipingo, ndipo mpaka lero zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo. Amene anazimanga sanali opereŵera chikhulupiriro kuposa ife.

Pempho langa kwa atsogoleri ndi la zinthu zotheka. Polengeza kusala kudya, nenani paguwa momveka kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana ndi onse a pa mankhwala a tsiku ndi tsiku sakukakamizidwa, ndi kuti kumwa piritsi sikuswa kusala. Kunena paguwa n'kofunika chifukwa odwala ambiri sadzabwera okha kudzafunsa, poopa kudziulula. Opita kuphiri masiku angapo anyamule mankhwala okwanira masiku onsewo, buku lawo la kuchipatala, madzi akumwa ndi kapaketi ka shuga, ndipo pagulupo pakhale mmodzi wodziwa nambala ya galimoto yoti ingabwere usiku. Amene akuti wachira asaimitsidwe kutsogolo kuchitira umboni asanabwerere kwa amene anamuyeza poyamba, ndipo mawu oti asiye kapena achepetse mankhwala achokere kwa dokotalayo, atalembedwa m'buku lake.

Mkulu wa mpingo,
Zomba