Kalata Yoyamikira Kampani ya Herzog & de Meuron

Kwa Akuluakulu a Herzog & de Meuron,
Basel, Switzerland.

Olemekezeka,

Ndalemba kalatayi pofuna kukuthokozani chifukwa cha ntchito yolemba mapulani a nyumba imene mwakhala mukugwira kuyambira mu 1978, pamene a Jacques Herzog ndi a Pierre de Meuron anatsegula ofesi yawo ku Basel atamaliza maphunziro pa yunivesite ya ETH Zurich. Akuluakulu awiriwa, amene onse anabadwa mu 1950 ndipo anadziwana ali ana, agwirira ntchito limodzi kwa zaka zoposa 40, ndipo mu 2001 analandira mphoto ya Pritzker, mphoto yapamwamba ya olemba mapulani a nyumba, onse awiri pamodzi, zomwe m'kuona kwanga zinali zoyenera chifukwa ntchito zawo n'zosatheka kuzigawa kuti iyi ndi ya uyu, iyo ndi ya uyo.

Ine ndimaphunzitsa achinyamata luso la zomangamanga, ndipo chimene chandichititsa kulemba ndi ulemu umene mumapereka ku nyumba zakale komanso zipangizo zimene ena amazinyoza. Nyumba yopangira magetsi ya Bankside ku London, imene mapulani ake analembedwa ndi a Giles Gilbert Scott, inasiya kugwira ntchito mu 1981 ndipo inakhala bwinja kwa zaka zambiri. Mutapatsidwa ntchito yoisandutsa malo oonetserako zithunzi ndi zosemasema, simunagwetse makoma ake a njerwa kapena chumuni chake chotalika mamita 99, koma munachotsa makina m'chipinda chachikulu chija n'kuchisiya chotseguka kuti anthu azilowa motsetsereka kuchokera panja, ndipo pamwamba munaikapo zipinda za magalasi zolowetsa kuwala. Nyumbayi itatsegulidwa mu 2000 ndi dzina loti Tate Modern, dziko linaona kuti nyumba yotha ntchito ikhoza kukhalanso ndi moyo popanda kufafaniza mbiri yake. Maganizo omwewo munawatsatira ku Hamburg, kumene munamanga holo ya zoimbaimba ya Elbphilharmonie pamwamba pa nyumba yakale yosungiramo katundu padoko. N'zoona kuti ntchitoyo inachedwa ndipo inadya ndalama zambiri kuposa zimene anakonza, koma chitsegulireni mu 2017 anthu wamba amakwera kukaima pakhonde lake n'kumaona mzinda wawo ngakhale asanagule tikiti ya konsati.

Ophunzira anga amakonda kwambiri bwalo la masewera la ku Beijing la mu 2008, koma ine ndimawabweza ku ntchito zing'onozing'ono. Pa fakitale ya vinyo ya Dominus ku California munamanga makoma ndi miyala yongoiunjika m'mabasiketi a waya, moti masana miyalayo imatchinga kutentha pamene kuwala kumadutsa m'mipata yake. Ku Laufen, pa nyumba ya kampani ya Ricola yokonzeramo zitsamba imene inatha mu 2014, munasankha makoma a mdindo, dothi lotsenderedwa lochokera m'dera lomwelo, ndipo munagwira ntchitoyi ndi a Martin Rauch, katswiri womanga ndi dothi. Nyumbayi imaposa mamita 100 m'litali, ndipo yandithandiza kwambiri kutsimikizira achinyamata kuti dothi si chizindikiro cha umphawi.

Chonde mundiperekere kuthokoza kumeneku kwa anzanu onse amene munawalandira monga eni kampani limodzi ndi oyambitsa awiriwo, komanso kwa olemba mapulani ndi opanga zifanizo za nyumba amene maina awo saoneka m'nyuzipepala.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa zomangamanga