Kalata kwa mwana wanga: za madzi a m'mabotolo aja

Chilomoni, Blantyre

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe ndi mpongozi wanga uko. Mayi ako akupereka moni.

Kavidiyo kamene unatumiza pa WhatsApp kaja ndakaonera, ka madzi amene akuti anawachotsa deuterium (mtundu wina wa haidrojeni) ndipo amachiza shuga, BP ndi khansa. Ndamvanso kuti ukufuna kukatenga ngongole kubanki mkhonde kuti upikule makatoni uzikagulitsa ku Limbe. Usatero mwanawe. Zimenezi ndinaziphunzitsa zaka zambiri kusekondale, choncho ndimvetsere.

Pa kulemera kwa munthu, pafupifupi 65 peresenti ndi okosijeni, 18 peresenti ndi kaboni, 10 peresenti ndi haidrojeni, ndipo 3 peresenti ndi naitrojeni. Zotsalazo ndi kashiamu ndi fosifolasi za m'mafupa ndi tina tochepa. Ndiye kuti iweyo, ngati uli ndi makilogalamu 70, wanyamula makilogalamu 7 a haidrojeni, wambiri ali m'madzi amene adzaza kuposa theka la thupi lako. Ukasiya sikelo n'kuwerenga ma atomu (tizidutswa tating'onoting'ono timene timapanga chinthu chilichonse) limodzilimodzi, haidrojeni ndiye amaposa onse, ma atomu 6 mwa 10 alionse, kungoti ndi wopepuka kwambiri.

Haidrojeniyu ali m'mitundu itatu imene amati ma isotope, ngati ana a bere limodzi, nkhope imodzimodzi koma matupi osiyana. Kusiyana kwake kuli pa tinthu ta pakati pa atomu, totchedwa pulotoni ndi nyutuloni. Wamba, protium, ali ndi pulotoni imodzi basi. Deuterium ali ndi pulotoni ndi nyutuloni, motero amalemera kawiri. Tritium ali ndi pulotoni imodzi ndi manyutuloni awiri.

Amene akukuopseza nayeyo, deuterium, anamutulukira katswiri wa sayansi Harold Urey mu 1931, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1934. Koma Urey sanamupange, anangomupeza. Wakhalapo kuyambira kale lomwe. M'madzi a m'nyanja zamchere, atomu limodzi mwa ma atomu 6,400 a haidrojeni ndi deuterium. Alimo m'madzi a mu Shire amene Blantyre Water Board imapopa ku Walker's Ferry, alimo mumvula, mu nsima, m'matemba, ngakhale mu mkaka umene unayamwa. M'thupi mwako muli magalamu awiri kapena kuposerako pang'ono. Agogo ako anakhala naye mpaka kukalamba, akulima okha. Ndipo wogula botolo lakolo akadya mgaiwa madzulo, deuterium uja walowanso.

N'zoona kuti akachuluka mopyola muyeso amavulaza. Nyama zoyeserapo zimayamba kudwala pamene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi a m'thupi lasanduka madzi olemera a deuterium. Pampopi sungafikepo; madzi otero amachita kupangidwa kufakitale ndipo ndi odula. Pang'ono pokha sapweteka, moti bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya atomiki padziko lonse, limalimbikitsa njira yomwetsa mayi woyamwitsa magalamu 30 a madzi amenewa, kenako n'kumayeza malovu a mayiyo ndi a mwana kwa masabata awiri kuti adziwe kuchuluka kwa mkaka umene khandalo likuyamwa. Akanakhala poizoni, ndani akanamwetsa mayi wa khanda?

Chimene chandiwawa m'kavidiyoko ndi zithunzi za mabomba zija. Asakaniza dala deuterium ndi tritium kuti anthu achite mantha. Tritium ndiye amatulutsa cheza choopsa (radiation), ndipo theka lake limatha pa zaka 12.3. M'chilengedwe ndi wochepetsetsa. Deuterium satulutsa cheza ngakhale pang'ono.

Tsopano taganiza amene adzagule. Woyamba adzakhala azakhali ako a ku Ndirande, chifukwa amakukhulupirira. Umawadziwa mmene amadzukira m'bandakucha kukakhala pamzere ku Queens, kabuku ka chipatala kali m'kajumbo, kuti akalandire mankhwala a shuga. Atopa nawo mzerewo. Ukawauza kuti botolo lako limachiza, adzasiya mapiritsi osauza munthu, ndipo tidzadziwira pa bala la kuphazi losapola. Ndalama ya banki mkhonde ungabweze, phazi lawo sungabweze.

Ngati zikukukhudzadi za m'thupi mwa anthu, yang'ana tochepa tija. Ayironi m'thupi lonse ndi magalamu 4 chabe, koma akaperewera magazi amachepa, makamaka kwa amayi oyembekezera. Ayodini safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu, koma akasowa munthu amatuluka chithokomiro ndipo mwana sakula bwino nzeru. N'chifukwa chake mchere wa m'mapaketi amauthira ayodini. Usipa wodya ndi minga yomwe uli ndi kashiamu, nyemba ndi bonongwe zili ndi ayironi. Zonsezi zili pamsika wa Chilomoni pompano.

Madzi amene amapha anthu kuno ndi a tizilombo. Kolera wa 2022 ndi 2023 unamuona wekha, anthu akutunga m'zithaphwi mipopi itauma. Ngati ukufuna geni yokhudza madzi, gulitsa zidebe zotsekera za kampopi ndi mankhwala a kolorini. Phindu lake ndi lochepa, koma amalume ako ali ndi malo pashopu yawo ndipo anena kuti akhoza kukupatsa shelefu imodzi.

Munthu amene akukukokayo umufunse pepala la Malawi Bureau of Standards, umufunsenso ngati pali dokotala amene angasaine kuti madziwo amachiza shuga. Usanasaine kalikonse kubanki mkhonde, ubwere kuno Loweruka tidzawerengetsere limodzi. Mayi ako akuti ubweretse ana.

Ndine bambo ako.