Lipoti la msonkhano wa za madzi a mumitsinje

A tcheya ndi nonse a gulu lathu la madimba, moni. Ku msonkhano munandituma uja ndinapita Loweruka, ndinafika mochedwa pang'ono kamba ka kombi koma nkhani yeniyeni ndinaipeza.

Mphunzitsi wake anayamba ndi kachilombo kena kotchedwa green stonefly, banja lake akuti Chloroperlidae. Ine poyamba ndinkati kodi ndatayira ndalama za gulu kudzamva za tizilombo? Kachilomboka nkakang'ono, nthawi zambiri sikafika masentimita 2, kobiriwira mosakanikirana ndi chikasu, kali ndi timichira tiwiri ndipo kakatera mapiko kamawagoneka pamsana. Ana ake amakhala m'madzi pansi pa miyala chaka chimodzi kapena ziwiri, akudya timphutsi, iwonso nkumadyedwa ndi nsomba. Alibe makha ngati a nsomba, mpweya amangokokera pakhungu, ndiye madzi akangotentha kapena kulowa suweji amafa msanga.

Tobiriwirato kuno kulibe, kwawo ndi ku North America, Europe ndi Asia. Kwathu kuno kuli m'bale wake wotchedwa Neoperla, naye safuna madzi auve. Pa njira yoyezera ukhondo wa mtsinje poona tizilombo tokhalamo, yomwe amati miniSASS, mukapeza stonefly ndiye mwapeza kachilombo ka mapointi ambiri kuposa tonse.

Masana tinatsikira ku mtsinje wa Mukuvisi ku Harare ndi masefa ndi mabeseni oyera. Munthu umaima m'madzi, sefa kumunsi, nkumapalasa miyala ndi phazi kuti zobisala zikokoloke zilowe musefamo. Ndinatembenuza miyala mpaka msana kuwawa abale, stonefly olo mmodzi. Mubeseni langa munali timphutsi tofiira piriwiri tikuvinavina, misundu itatu ndi nkhono basi, ndipo fungo la matope ake linakakamira m'manja mpaka kunyumba. Timphutsi tofiirato timapirira ngakhale m'madzi mopanda mpweya, ndiye zomwe ndinapezazi zikuonetsa kuti madziwo ndi auve. Apa mpomwe mtima unandigunda, chifukwa madzi omwewa ndi amene ena a ife timathirira ndiwo zamasamba monga repu ndi kovo, ndiponso ndi omwewa amakathera mu mtsinje wa Manyame mpaka mu damu la Chivero komwe timamwa.

Pempho langa nlakuti tigule sefa imodzi ndi beseni loyera, anyamata awiri aziyeza pamadimba pathu kamodzi pamwezi nkumalemba m'kabuku, ndiwaphunzitsa ndine. Magolovesi ndi majombo tisaiwale, ine ndinalowa ndi mapatapata ndipo sindidzabwerezanso. Chenji ya transipoti ndapereka kwa amayi a msungichuma.